Mfuti ya Chifefe Yoyenera Munthu Wophunzira Kuombera

Mau awa anakambidwa ndi mlangizi wa za nyama za kutchire pa msonkhano wa alimi ndi aphunzitsi. Alembedwa muno kuti amene sanafike ku msonkhanowo awerenge ndi kufotokozera anzao.



Chimanga chikayamba kukhwima, anthu a m'midzi ya kufupi ndi mapiri ndi nkhalango saona tulo. Usana afika anyani ndi apusi, usiku nguluwe ndi nungu. Mabanja ambiri ateteza minda yao ndi misasa, agalu, moto ndi zitini zoimba, ndipo njira zimenezi ndizo zoyamba, ndizonso zotsika mtengo. Koma alipo alimi ena amene ali ndi laisensi ya mfuti ya chifefe. Nthawi imafika pamene mwini mfuti wakalamba, maso ayamba kuchita chidima, nafuna kuti mwana wake kapena mphwake aphunzire nchitoyo. Kwina ndi mai amene watsala yekha ndi munda waukulu m'mphepete mwa phiri. Anthu otere afunsa kawiri-kawiri kuti, kodi wophunzira amuyambitse ndi mfuti yotani?

Ambiri ayankha msanga kuti, "Mugulireni kamfuti kakang'ono kopepuka." Yankho limeneli limveka lanzeru, koma latupitsa mapewa ambiri, latayitsanso ndalama zambiri. Mfuti yopepuka sindiyo mfuti yofatsa ai. Kawiri-kawiri ndiyo yaukali koposa zonse.

Asanaganize za mtundu wa mfuti, munthu ayenera kukumbuka Boma. M'Malawi muno mfuti ziyang'aniridwa ndi lamulo lochedwa Firearms Act la chaka cha 1967, ndipo palibe munthu aloledwa kukhala ndi mfuti popanda laisensi. Laisensiyo ilembedwa m'dzina la munthu mmodzi. Siiri ya banja lonse monga khasu kapena nkhwangwa. Chifukwa chake bambo wofuna kuphunzitsa mwana wake ayambe wapita ku Polisi, akanene zaka za mwanayo ndi cholinga chake, namve chimene lamulo lilola. Kupha nyama za kutchire nako kuli ndi lamulo lake, National Parks and Wildlife Act la 1992, limene linaumitsidwa m'chaka cha 2017, kotero kuti wopha njovu, chipembere kapena ngaka angathe kukhala m'ndende zaka zofika 30. Laisensi ya mfuti si chilolezo chosakira nyama. Amenewa ndi mapepala awiri, ochokera ku maofesi awiri.

Manambala a pa mfuti

Chifefe chisiyana ndi mfuti ya asilikari. Ya asilikari itulutsa chipolopolo chimodzi chimene chipita kutali zedi. Chifefe chitulutsa timibulu tambiri ta mtovu, tija titchedwa machaka, ndipo machakawo amwazika pouluka monga mchenga woponyedwa ndi dzanja. Nchifukwa chake chifefe chithandiza pa mbalame youluka ndi nyama yothamanga, koma pa mtunda waufupi wokha, wa mamita 30 kapena 35.

Manambala a 12, 20 ndi 28 asokoneza anthu, pakuti nambala yaikulu ndiyo mfuti yaing'ono. Chiyambi chake nchotere. Amisiri akale anali kutenga paundi imodzi ya mtovu, ndiyo magalamu 454, naigawa m'mibulu yofanana. Ngati paundiyo yatulutsa mibulu 12, ndipo m'bulu umodzi ukwana bwino-bwino m'mpope wa mfuti, ndicho chitsulo chachitali chija chomwe machaka atulukiramo, mfutiyo ndi ya 12. Ngati mibulu yokwana m'mpopemo iri 20 pa paundi, mfutiyo ndi ya 20, ndipo mpope wake ngwochepa. Chibowo cha mfuti ya 12 chiri mamilimita 18 ndi theka m'mimba mwake, cha 20 chiri 15 ndi theka kuposerako pang'ono, cha 28 chiri 14. Iripo ina yaing'ono kwambiri yochedwa .410, imene dzina lake siliwerenga mibulu koma linena kukula kwa chibowo m'mainchi, ndiko mamilimita 10 ndi pang'ono.

Chimene chichititsa mfuti kukankha

Munthu akadumpha kuchoka m'bwato kupita kumtunda, bwato libwerera m'mbuyo. Bwato lalikulu lodzaza ndi makoka lisuntha pang'ono pokha, koma kabwato kakang'ono kathawa ndithu, mpaka wodumphayo agwera m'madzi. Isaac Newton wa ku England analemba lamulo la zinthu zotere m'chaka cha 1687, lakuti chinthu chikakankha chinzake, nacho chikankhidwa ndi mphamvu yofanana. Onga ukapsa m'mfuti ukankha machaka kutsogolo pa liwiro la mamita pafupi-fupi 400 pa sekondi imodzi, nukankhanso mfutiyo m'mbuyo, kumene kuli phewa la munthu. Mfuti ndiyo bwato, machaka ndiwo munthu wodumpha.

Tsono zinthu ziwiri ndizo zilamulira nkhonya imene phewa lilandira: kulemera kwa mfuti, ndi kulemera kwa machaka a m'chipolopolo. Mfuti ziwiri za 12, ina ya makilogalamu 2.3 ndi ina ya makilogalamu 3.4, zikaombera zipolopolo zofanana, yopepukayo imenya ndi mphamvu yonse ya inzake ija nkuonjezapo theka lina. Ndiye bambo amene wasankhira mwana wake yopepuka pomumvera chisoni wamusankhira yomenya kwambiri.

Kumbali ya machaka nkhani nayo njomveka. Chipolopolo cha 12 chimene alenje ambiri azolowera chinyamula machaka a magalamu 32, koma ziripo za magalamu 28 ndi za 24. Kutsika kuchoka pa 32 kufika pa 24, m'mfuti yomweyo, kuchotsa magawo pafupi-fupi 4 mwa magawo 10 a nkhonya ija. Wina angaganize kuti chipolopolo chotere nchofooka. Koma akatswiri a pa masewera a Olympic, oombera timbale touluka, agwiritsa nchito zipolopolo za magalamu 24 zomwezo, ndipo aswa timbaleto pa mtunda wa mamita 30.

Ku Birmingham kunali mmisiri wa mfuti wochuka, W. W. Greener, amene anasindikiza buku lake la The Gun and Its Development m'chaka cha 1881. Dzina lake likumbukidwa pa lamulo lothandiza lakuti mfuti ilemere kuposa machaka ake maulendo 96. Aphunzitsi angathe kupatsa ana a sukulu masamu amenewa. Machaka a magalamu 24 afuna mfuti ya magalamu 2,304, ndiwo makilogalamu 2.3. Machaka a magalamu 28 afuna ya makilogalamu 2.7, ndipo a magalamu 32 afuna yoposa makilogalamu 3. Lamuloli linapangidwira amuna akulu ozolowera. Wophunzira achita bwino mfuti yake ikalemera koposa pamenepa. Munthu wopita kukagula mfuti aifunse kulemera kwake, kapena aikoloweke pa sikelo ya fodya, asangoinyamula m'manja nkunena kuti iri bwino.

Komabe kulemera kuli ndi malire ake. Wophunzira ayenera kutha kukweza mfuti paphewa ndi kuigwira chilili kwa kanthawi, mpope osagwedezeka, msana osapindikira m'mbuyo. Akapindikira m'mbuyo kuti apirire kulemerako, phewa lake silidzalandira bwino kukankha, ndipo angathe kugwa chagada mfuti iri m'manja. Mnyamata amene alephera kugwira motere mfuti ya makilogalamu awiri ndi theka safuna mfuti yopepuka. Afuna chaka china chakudya nsima ndi kulima. Palibe chamanyazi pa kudikira.

Choipa chachikulu cha mfuti yomenya sikutupa kwa phewa, pakuti phewa lipola. Choipa nchakuti thupi likumbuka. Munthu amene wamenyedwa kawiri kapena katatu ayamba kuopa mfuti yake asanaiombe, angakhale iye mwini sadziwa kuti ali kuopa. Pofika pokoka kachitsulo koombera atsinzina, achotsa tsaya pa mfuti, nagwetsa mpope pansi. Machaka apita ku miyendo ya nyama kapena m'dothi. Nyama yolasidwa ithawira kutchire kukafa pang'ono-pang'ono, chipolopolo chogulidwa ndi ndalama chapita pachabe, ndipo choopsa koposa, munthu amene aombera atatsinzina sadziwa kumene machaka ake alunjika. Chizolowezi chimenechi chilowa tsiku limodzi, koma kuchichotsa kutenga miyezi, ndipo ena akalamba nacho. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Ya 12, ya 20, kapena ya .410?

Makolo ambiri akopeka ndi ya .410, chifukwa njaing'ono, njokongola, ndipo kunena zoona simenya. Koma chipolopolo chake chachifupi chinyamula machaka a magalamu 14 okha. Pa machaka a nambala 6 a muyeso wa ku England, oomberera nkhanga ndi njiwa, amenewa ndi machaka ngati 135, pamene cha 20 cha magalamu 24 chinyamula ngati 230, ndi cha 12 cha magalamu 32 ngati 300. Ndiponso mfuti zambiri za .410 zipangidwa ndi kukamwa kofinyika kwambiri kuti machaka ochepawo asamwazike. Zotsatira zake nzakuti wophunzira aphonya, naphonyanso, mpaka ataya mtima. Ya .410 ithandiza pa makoswe a kunkhokwe ndi pophunzitsa kagwiridwe ka mfuti pa chinthu choima pafupi, mamita 20 kapena kucheperapo. Pa mbalame youluka, imeneyi ndi mfuti ya katswiri.

Ya 28, yonyamula magalamu 21, njabwino zedi kwa wophunzira, koma zipolopolo zake nzodula ndipo sizipezeka paliponse. Mfuti yosowa zipolopolo ndi ndodo chabe. Munthu asanapereke ndalama afunse kwa wogulitsa wovomerezeka ndi Boma kuti zipolopolo za mfutiyo zimabwera chaka chonse kapena ai.

Ya 20 ndiyo iri pakati, ndipo kwa achinyamata ndi amai ambiri ndiyo yoyenera. Mpope wake ndi chogwirira chake nzochepa, zokwana m'dzanja laling'ono, ndipo machaka a magalamu 24 akwanira pa nchito zonse zimene wophunzira ayenera kugwira. Koma pano pali msampha. Amisiri apanga mfuti zina za 20 zopepuka kwambiri, ndipo ziriponso zipolopolo zazitali za 20, za mamilimita 76, zonyamula machaka ochuluka ngati a 12. Kamfuti kopepuka ka 20 kokhala ndi chipolopolo chotere kamenya koposa ya 12 ya abambo. Nambala yokha ya 20 siiteteza phewa.

Banja losauka lisadandaule ngati lilibe ndalama za mfuti yachiwiri. Ya 12 yolemera bwino, yokhala ndi thako lofupikitsidwa ndi zipolopolo za magalamu 24 kapena 28, iphunzitsa bwino lomwe mnyamata wamkulu thupi, ngati a Polisi alola kuti aigwire. Zipolopolo za 12 ndizonso zipezeka kwambiri m'maiko ambiri.

Kutalika kwa thako ndi mpope

Mfuti iri ngati nsapato: yaikulu ipweteka, yaing'ono ipwetekanso. Muyeso wofunika ndiwo mtunda wochokera pa kachitsulo koombera kufika kumapeto kwa thako la mfuti, pamene pagunda phewa. Pa mfuti za amuna akulu mtundawu uli mainchi 14 kapena kuposerako pang'ono, ndiwo masentimita ngati 36. Pa mfuti zopangidwira achinyamata uli mainchi 12 kapena 13, masentimita 30 kufika 33. Thako likatalika, wophunzira alephera kulikhazika m'kachikwa kofewa ka pakati pa phewa ndi chifuwa. Litsetserekera pa mkono, pamene pali fupa, ndipo mpamene papweteka kwambiri. Likafupika koposa muyeso, chala chachikulu cha dzanja lake lomwe chimenya mphuno mfuti ikalira.

Kuyesa kwake nkosavuta. Mfuti iri yopanda chipolopolo, wophunzira aikweze paphewa, tsaya litagona pa thako. Pakati pa mphuno yake ndi chala chachikulu cha dzanja logwira payenera kulowa zala ziwiri kapena zitatu za mphunzitsi. Diso lake liyang'ane molunjika pamwamba pa mpope mpaka ku kam'bulu ka kutsogolo, popanda kukweza mutu. Achinyamata ndi amai ali ndi nkhope zazing'ono, kotero diso limamira kuseri kwa chitsulo. Akakweza mutu kuti aone, thako liwamenya tsaya. Mankhwala ake ndiwo kumanga chikopa kapena mphira wofewa pamwamba pa thako kuti tsaya likwere.

Thako lalitali lingathe kudulidwa ndi kalipentala waluso, litachotsedwa pa mfuti. Chidutswacho chisatayidwe, chifukwa mnyamata akula ndipo chidzabwezedwapo. Podulidwapo aikepo mphira wochindikala, ndipo powerenga muyeso awerengere mphirayo pamodzi. Makampani ena anaganizira kale zimenezi. A Mossberg a ku America apanga mfuti zochedwa Bantam za mainchi 13, ndi Super Bantam zimene thako lake litalikitsidwa ndi chidutswa choonjezera kuchoka pa mainchi 12 kufika pa 13.

Koma mpope usadulidwe konse. Alipo anthu amene atenga sowo nadula mpope kuti mfuti ikhale yaifupi. Kutero kuchotsa kufinyika kwa kukamwa kuja, kumene Azungu akutcha choke, ndiko kugwira machaka kuti asabalalike msanga. Kupepusanso mfuti, ndiye imenya kwambiri. Ndipo m'maiko ambiri kutengera munthu ku mlandu. Ku Britain lamulo la 1968 liika muyeso wa mainchi 24 pa mpope wa chifefe cha masiku onse, ndipo ku America lamulo la 1934 liika mainchi 18. Kwa wophunzira mpope wa mainchi 24 kufika 26 uli bwino. Waufupi kwambiri ulira pafupi ndi makutu, ndipo sutenga nthawi kutembenukira kwa munthu amene waima pambali.

Mtundu wa mfuti

Mfuti yothyola pakati, ya mpope umodzi, ndiyo yodziwika m'midzi, ndipo iri ndi ubwino waukulu umodzi: ikathyoledwa, munthu aliyense aona ali patali kuti siingalire. Njotsika mtengo, siivuta kutsuka, ndipo iphunzitsa munthu kusamala chipolopolo chake chimodzicho. Kuipa kwake nkwakuti zambiri nzopepuka, kotero zifuna zipolopolo zofatsa. Zina ziri ndi kanyundo ka kunja kamene munthu akokera m'mbuyo ndi chala chachikulu asanaombe. Nyama ikathawa iye asanaombe, ayenera kubweza kanyundoko pang'ono-pang'ono atakoka kachitsulo koombera, ndipo chala chofooka kapena cha thukuta chikaterereka mfuti ilira. Kwa wachinyamata nkwabwino kusankha yokhala ndi kanyundo kobisika m'kati ndi kabatani kotsekera, monga Baikal IZh-18 yopangidwa ku Izhevsk m'dziko la Russia.

Mfuti yopopa, imene munthu akoka chogwirira cha kutsogolo kuti chipolopolo china chilowe, monga Remington 870 imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1950, njolemerako, motero njofatsako, koma ifuna mikono yaitali. Yofatsa koposa zonse ndiyo yodzilowetsa yokha chipolopolo ndi mphamvu ya mpweya wa onga, monga Remington 1100 ya 1963, chifukwa igawa kukankha kuja kuti kufike paphewa pang'ono-pang'ono. Koma njodula, ifuna kutsukidwa kawiri-kawiri, ndipo ikangolira iri kale yokonzeka kuliranso. Mnyamata amene wagwetsa nkhanga yake yoyamba atembenuka ndi chimwemwe kuti aonetse atate wake, chala chiri pomwepo. Mfuti zotere, wophunzira aziikidwira chipolopolo chimodzi chokha.

Za gogodela ndi mfuti zosulidwa kumudzi mau ake ngafupi. Palibe munthu anayesa mphamvu ya mipope yake, ndipo yambiri ndi mapaipi a madzi. Mfuti yeni-yeni iyesedwa ndi chipolopolo champhamvu koposa muyeso isanagulitsidwe, niidindidwa chizindikiro. Ku Birmingham nyumba yoyesera mfuti inakhazikitsidwa m'chaka cha 1813 ndipo igwirabe nchito. Kholo lopatsa mwana gogodela lamupatsa bomba loti aligwire pafupi ndi nkhope. Mfuti yakale ya agogo nayo iyenera kuonedwa ndi mmisiri wodziwa, makamaka ngati igwedera pothyolera kapena dzimbiri ladya m'kati mwa mpope.

Zipolopolo zosakanizika

M'nyumba imene muli mfuti ya 12 ndi ya 20 muli ngozi imene anthu ambiri saidziwa. Chipolopolo cha 20 chikaikidwa m'mfuti ya 12 sichiima pakhomo. Chitsetserekera m'kati nichikakamira m'mpope mosaoneka. Munthu aona pakhomo pali pululu, aganiza kuti anaiwala kuika, naika cha 12 pambuyo pake. Akaomba mpope uphulika pamene pali dzanja lake la kutsogolo. Makampani ambiri apanga zipolopolo za 20 zachikasu kuti zidziwike, koma si onse. Zipolopolo za mitundu iwiri zisakumane m'thumba limodzi kapena m'bokosi limodzi.

Kutalika kwa chipolopolo nako kuwerengedwe. Pa mpope palembedwa 65, 70 kapena 76, ndiwo mamilimita, kapena mainchi 2½, 2¾ ndi 3. Muyesowu ndi wa chipolopolo chitatseguka pambuyo poombedwa, kotero cha 70 chilowa bwino m'mfuti ya 65 monga kuti nchake, koma poomba chisowa malo otsegukira, ndipo mphamvu ya onga ikwera koposa muyeso wa mfutiyo. Mfuti zambiri zakale za ku England nza 65.

Tsiku loyamba

Asanaombe konse, wophunzira adziwe diso lake lamphamvu. Aloze chala pa mtengo wa patali maso onse ali otsegula, kenaka atsinzine la kumanzere. Chala chikakhalabe pa mtengowo, diso lamphamvu ndi la kumanja. Chikadumphira pambali, lamphamvu ndi la kumanzere, ndipo munthu wotere aphunzire kuombera pa phewa la kumanzere angakhale alemba ndi dzanja la manja. Kusintha nkwapafupi pachiyambi.

Makutu atsekedwe ndi zotsekera zeni-zeni, zonga zija avala anthu a m'zigayo ndi m'mafakitale. Thonje lokha silikwanira. Kulira kumodzi kwa chifefe kungathe kuononga khutu osachiranso, ndipo theka la mantha a wophunzira lichokera ku phokoso, osati ku phewa.

Malo ophunzirira akhale kutali ndi nyumba, njira ndi ziweto, ndipo kuseri kwa chandamale kukhale chulu kapena mtumbira wa dothi, osati mwala kapena madzi, pakuti machaka anjanja pa zimenezi. Machaka a nambala 6 aulukabe mpaka mamita 200, ndipo akulu aja ochedwa SSG apitirira mamita 500. Chandamale choyamba chikhale chikatoni chachikulu chokhala ndi chizindikiro pakati, pa mamita 20, kenaka 30. Wophunzira akaona yekha m'mene machaka amwazikira mtunda ukakula, asiya msanga maganizo oombera nyama ya patali. Aime mwendo wina patsogolo, thupi litaweramira pang'ono ku mfuti, thako litakanikizidwa zolimba paphewa. Mfuti yogwiridwa molekerera iyamba yathamanga isanagunde phewa, ndiye imenya ngati nyundo. Zipolopolo 5 kapena 6 zikwanira tsiku limodzi.

Mphunzitsi wofuna kudziwa ngati mantha alowa achite chotere. Aziika chipolopolo iye mwini, wophunzira atayang'ana kumbali, ndipo nthawi zina aikemo chikhungwa cha chipolopolo chakupsa kale. Ngati mfuti siilira koma mpope wagwa pansi, maso atatsinzina, mantha alipo. Pamenepo kukalipa sikuthandiza. Abwerere ku zipolopolo zopepuka, kapena apume masiku angapo.

Mpope uyang'anidwe m'kati nthawi zonse chipolopolo chisanalowe. Mfuti yokhala pa ngodya miyezi ingapo mavu aumbamo chisa chadothi, ndipo kudumpha mizere nyengo ya mvula kulowetsa matope kukamwa. Mpope wotsekeka uphulika. Powoloka mtsinje, podutsa mpanda, ndi pofika pamudzi, mfuti ikhale yothyola, chipolopolo chiri m'thumba. Kunyumba mfuti itsekeredwe pa yokha ndi zipolopolo pa zokha, makiyi ali ndi mwini laisensi. Nyama yophedwa ndi chifefe ichotsedwe machaka ndi mnofu wozungulira bala isanaphikidwe, chifukwa mtovu uononga ubongo wa ana ndipo ngwoipa kwa mai wapakati.

Mau otsiriza ndi a nguluwe, popeza ndiyo ichititsa alimi ambiri kufuna mfuti. Nguluwe siiri nyama ya wophunzira. Machaka a mbalame aipweteka chabe osaipha, ndipo nguluwe yolasidwa itembenukira munthu ndi mano ake. Zipolopolo za machaka akulu zoyenera nyama yotere ndizo zija zomenya kwambiri, zimene wophunzira sanafike pozigwira. Ndiponso nguluwe ibwera usiku, pamene munthu amva chimanga chiri kuthyoka koma saona chothyolacho. Chingakhale nguluwe, chingakhale ng'ombe ya mnansi, chingakhalenso mwana wotumidwa kukapereka chakudya kumsasa. Kumene nguluwe, mvuu kapena njovu zavuta, a mfumu atumize mau ku ofesi ya za nyama za kutchire ya m'boma lao, kumene kuli alonda ophunzitsidwa nchito imeneyi. Wophunzira akhale chaka chake choyamba pa chikatoni ndi pa nchito za usana, mwini laisensi ataima kumbuyo kwa phewa lake, pafupi poti angathe kugwira mpope ndi dzanja.